Kalata kwa a Nduna ya za Malo ndi Nyumba: nyumba yatsopano iziyamba yaona dzinja tisanamalize kulipira

Olemekezeka a Nduna,

Ndikupereka ulemu kwa inu, komanso kwa akuluakulu a makhonsolo a mizinda yathu, a bungwe loyang'anira zomangamanga lomwe tonse tinalizolowera ndi dzina la NCIC, ndi a CFTC amene amateteza ife ogula. Kalatayi ndi yanu nonse, koma ndayamba ndi a Nduna chifukwa ndinu amene mungaitane enawa kuti mukhale pansi pamodzi.

Pabalaza panga pali beseni lomwe silichapa. Lili ndi malo ake, pakati pa tebulo ndi zenera, pansi pa pomwe siling'i inasanduka mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Ana anga akangomva bingu sadikira kuuzidwa. Wamkulu amathamangira beseni, wachiwiri ndowa ya kuchipinda, wamng'ono amakoka matiresi kuwachotsa kukhoma. Nyumbayi ndi yatsopano, a Nduna. Palibe anagonamo ife tisanalowe. Makiyi tinalandira kumayambiriro a Okutobala 2023, penti akununkhabe, ndipo ngongole yake tidzamaliza kubweza ana amenewa atamera ndevu.

Dzina la kampani yomwe inatigulitsa sinditchula. Ndikatchula, nkhaniyi isanduka ya ine ndi iwowo, ndipo mudzandiyankha kuti mayi pitani kukhoti. Ine ndikufuna nkhaniyi ikhale pa desiki panu. Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndilineneretu pano kuti mukatopa ndi kuwerenga mukhale mutalimva. Munthu wogula nyumba yatsopano kwa kampani yomanga n'kumagulitsa asamapereke ndalama zonse tsiku lolandira makiyi. Kagawo kena kazitsala m'manja mwa banki kapena loya mpaka nyumbayo itadutsa dzinja lathunthu, ndipo izi zikhale lamulo, osati chifundo cha wogulitsa. Denga silidziwika m'chilimwe.

Ife tinaiona nyumbayi mu Ogasiti, m'mphepete mwa mzinda wa Lilongwe, kunja kuli ngwee. Ejenti anatsegula geti monyadira ngati wamanga ndi iye. Matailosi onyezimira, makabati a kukhitchini otsekeka okha pang'onopang'ono, mababu okwiriridwa mu siling'i, kapinga wongodzalidwa kumene. Amuna anga anatsegula mpope, madzi anatuluka. Ine ndinadina swichi, magetsi anayaka. Tinayang'anana n'kumwetulira, ndipo kuyendera nyumba kwathu kunathera pomwepo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Koma munthu amene wakhala pa lendi zaka 16, kusamuka nthawi iliyonse imene landilodi wakweza, akaona makiyi miyambi imamuthawa.

Banki inatumiza munthu wake wodzawerengera mtengo wa nyumba. Anayeza ndi tepi, anajambula zithunzi, anafunsa za msewu ndi madzi, n'kupita. Sindimudandaula, ntchito yake inali kuuza banki ngati chikole chikukwanira ngongole. Loya anafufuza mapepala a malo, anati ali bwino, ndipo analidi bwino. Anthu atatu anadya pa malonda amenewa, ejenti, wowerengera mtengo ndi loya, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ntchito yake inali kukwera m'denga. Pa tsamba lachinayi la mgwirizano panali chiganizo cha Chingerezi chonena kuti wogula wayendera nyumba, wakhutira nayo, ndipo akuilandira mmene ilili. Ndinasaina.

Chizimalupsa chinangowaza fumbi, ife n'kumati denga lathu ndi lamwamuna. Mvula yeniyeni inabwera mu Disembala, usiku, ya mphepo. Chinandidzutsa ndi dontho pachipumi.

Kutchalitchi kwathu kuli bambo wina wachikulire amene anagwira ukapitawo wa zomangamanga moyo wake wonse. Atamva ndikudandaula ku msonkhano wa mphakati, anati abwera Loweruka. Ndinkayembekezera makina. Anabwera ndi tochi, levulo yakale, msomali wa mainchesi anayi m'thumba la shati, n'kupempha tsache, ndowa ndi khasu. Ndikufuna mumve zomwe anachita, a Nduna, chifukwa zonse zinatheka m'maola atatu, ndipo zikanatheka mu Ogasiti.

Anayamba ndi mtengo wa tsache, kugogoda matailosi limodzilimodzi. Ena ankalira gu, gu. Ena ankalira pho, pho, ngati chigubu chopanda kanthu. Pa olira pho pho ankaika kamtanda ka choko, ndipo pomwe amamaliza pabalaza panali ngati pamanda. Anati woika matailosi anangodontheza guluu pa ngodya zinayi ndi pakati kuti thumba limodzi liyende mtunda wautali, ndiye tsiku lomwe mwendo wa sofa udzaponde pamphako, tailosi lidzasweka. Kenako anatseka chitseko cha chipinda cha ana, n'kukanda khoma kuseri kwake ndi msomali uja. Pulasitala anayoyoka ngati mgaiwa. Anatola pang'ono, anafikisa ndi zala, anandionetsa osanena kanthu. Mchenga wokhawokha, simenti inangodutsamo ngati mlendo.

Kubafa anakhuthula ndowa yonse pansi. Madzi anazungulirazungulira, anasiya kabowo kotulukira kumanzere, n'kulunjika kuchitseko ngati akudziwa njira. Levulo inatsimikiza zomwe madzi ananena kale.

Kenako anakwera m'denga kudzera pa kachitseko ka mu siling'i, n'kundiuza kuti nane ndikwere. Ndinakana, anati, “Mayi, ndalama ndi zanu, bwerani mudzaone komwe zinapita.” Titafika m'mwamba anathimitsa tochi. Masana dzuwa likuswa mtengo, ine ndinaona nyenyezi. Timabowo tambirimbiri towala, pomwe mmisiri anakhoma msomali n'kuphonya thabwa, anazula, n'kukhomanso pena. Misomali ina anaikhoma m'ngalande ya lata, momwe madzi amayenda, m'malo mwa pamsana pake. Malata anangogundana milomo osapitana mokwanira, ndiye mvula ya mphepo imalowa chobwerera. Mgwirizano wathu unati geji 28, koma bamboyo anapinda nsonga ya lata ndi zala ziwiri n'kupukusa mutu. Kwa amene sadziwa, nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala, ndipo pansi pa penti wobiriwira palibe wogula angasiyanitse 28 ndi 32. Matabwa ena anali ndi makungwa m'mbali, osamizidwa m'mankhwala a chiswe, anangowapaka oyilo wakuda wa galimoto kumapeto komwe kumaoneka. Mawaya a magetsi anali gonegone pa siling'i, olumikizidwa ndi tepi, opanda paipi, pafupi ndi pomwe madzi amadonthera. Pamenepo ndiye ndinachita mantha.

Panja anakumba ndi khasu m'tsinde mwa khoma, kufuna pulasitiki wakuda uja amene amayalidwa pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere. Mbali imodzi anamupeza, mbali ya kuchipinda kwathu ayi. Mpukutu unathera panjira, ndipo palibe anavutika kukagula wina. N'chifukwa chake khoma limenelo limanyowa kufika m'mawondo, penti n'kumatuwa matuza ndi kutulutsa mchere woyera. Pa ngodya ya zenera panali mng'alu woyenda ngati masitepe, kutsata mizere ya mabuloko. Bamboyo anaswa kagalasi kakang'ono, anakamata ndi simenti mopingasa mng'aluwo, n'kulemba tsiku pambali pake. Anati kagalasiko kakakhalabe kathunthu ndiye kuti khoma laima, kakasweka ndiye kuti likuyendabe. Kanasweka mu Febuluwale. Malo athu ndi a makande, dothi lakuda la m'mbali mwa dambo lomwe limafufuma likamwa madzi n'kung'ambika likauma, ndipo maziko a pa dothi lotere safanana ndi a pa katondo. Aliyense wolima amadziwa zimenezi. Womangayo ankadziwanso.

Tinalemba zolakwika 41 m'kope la mwana wanga. Potsanzika bamboyo anangoti, “Mukanandiitana musanalipire, mayi, akanakonza okha akuthamanga.” Ndikuvomera, safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo ndinadya ndine. Koma mawu akewo ndiwo mutu wa kalata ino. Zolakwika zinali zomwezo mu Ogasiti ndi mu Disembala. Chinasintha ndi komwe kunali ndalama.

Tisanalipire, bwana wa kampaniyo ankayankha foni isanalire kawiri. Ankanditchula kuti madamu. Titalipira, poyamba anayankhabe mwaulemu: “Musadandaule madamu, nyumba yatsopano imatero, ikukhazikika.” Patapita sabata ziwiri anatumiza mnyamata pa kabaza, atanyamula kachubu ka silikoni ndi kachitini ka penti wotsala. Mnyamatayo anamata mabowo omwe anawaona, anapaka penti pa banga la siling'i, n'kundipempha ya transipoti. Mvula yotsatira inatsuka zonse. Kuchokera apo nyimbo inali imodzi: mawa madamu, Lolemba madamu, folomani ali kumaliro, galimoto ili pa mzere wa mafuta. Kenako pa WhatsApp panatsala timizere tiwiri tabuluu topanda yankho.

Nditapita ku ofesi kwawo anandiuza kuti iwo samanga, anapatsa kontirakitala. Kontirakitala anati denga anapatsa kalipentala wa ganyu, ndipo kalipentalayo anapita ku Mzuzu. Aliyense anali ndi chala cholozera mnzake. Nditalemba kalata, loya wawo anandiyankha ndi chiganizo cha pa tsamba lachinayi chija. Loya wathu anati mlandu ulipo ndithu, chifukwa zina mwa zolakwikazo ndi zobisika ndipo geji ya malata inalembedwa mu mgwirizano, koma anatiuzanso chilungamo: tilipire injiniya wolemba lipoti, tilipire iyeyo, ndipo tikonzekere kudikira zaka. Nthawi yonseyo banki ikudula zake mwezi ndi mwezi, pa chiwongoladzanja choposa 20 pa 100 iliyonse. Banja lomwe lathira zonse m'nyumba lilibe za mlandu. Ogulitsawo amadziwa zimenezi kuposa ife, ndipo pomwe ndikulemba pano akweza chikwangwani chatsopano pamsewu, chotsatsa gawo lachiwiri la nyumba zawo.

Sindikunena kuti omanga onse ndi akathyali, ayi. Ndikudziwa zomwe adutsamo. Kwacha inagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Munthu amene analonjeza mtengo wa nyumba chaka chimodzi n'kukagula simenti, zitsulo ndi malata chaka chinacho anapsa manja. Koma womanga akapanikizika ali ndi njira ziwiri. Atha kukweza mtengo, wogula n'kuona ndi maso, kapena atha kubisa kusiyanako mkati mwa khoma, momwe wogula sangaone. Pakali pano njira yachiwiriyo ilibe chilango chofika msanga, ndiye womanga wachilungamo ndi amene amaoneka wodula ndi wopusa. Lamulo lomwe ndikupempha limuteteza iyeyonso.

Chomwe chimandiwawa, a Nduna, n'chakuti nzeru imeneyi boma lili nayo kale. Boma likamangitsa msewu, mlatho kapena buloko ya sukulu, silipereka ndalama zonse tsiku lodula riboni. Pa malipiro aliwonse limasungako kagawo, kawirikawiri 5 kapena 10 pa 100 iliyonse, ndipo mu kontirakiti mumakhala nyengo, nthawi zambiri ya miyezi 12, yomwe kontirakitala amayenera kubwerera kudzakonza chilichonse chomwe chaonekera. Akakana, ndalama yosungidwa ija imalipira wina wokonza. Makampani akuluakulu ndi mabungwe akamangitsa maofesi amachitanso chimodzimodzi. Ndiye boma, lomwe lili ndi mainjiniya, maloya ndi apolisi, limadziteteza chonchi kwa kontirakitala. Namwino, mphunzitsi kapena kalaliki amene akugula nyumba imodzi yokha pa moyo wake wonse, ndiye azipereka zonse tsiku limodzi n'kumadalira timizere tabuluu? Miyezi 12 imeneyo kuno kwathu ili ndi tanthauzo lomveka bwino: muli dzinja limodzi lathunthu, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndi chilimwe chimodzi choti makande aume n'kuonetsa khalidwe lake.

Mlamu wanga amamanga nyumba ku Cape Town. Nditamutumizira zithunzi za m'denga anaseka mowawidwa mtima, n'kundifotokozera za kumeneko. Lamulo la mu 1998 linakhazikitsa bungwe la NHBRC, ndipo aliyense wochita bizinesi yomanga nyumba zogona amayenera kulembetsa kumeneko, komanso kulembetsa nyumba iliyonse asanayambe kuimanga. Lamulolo linaika nthawi zitatu: miyezi itatu yoti wogula anene zolakwika zing'onozing'ono ndipo womanga akonze, chaka chimodzi cha denga lodontha, ndi zaka zisanu za zolakwika zazikulu za maziko, makoma ndi denga. Ndalama yolembetsera nyumba imapita m'thumba lomwe limakonzetsa zolakwika zazikuluzo womanga akathawa kapena akagwa. Ndipo banki siloledwa kupereka ngongole pa nyumba yatsopano yosalembetsedwa. Mfundo yomalizayi ndiyo mano a lamulo lonselo, chifukwa womanga angazembe woyendera, koma sangazembe komwe kumachokera ndalama.

Mlamu yemweyo anandichenjeza kuti ndisatengeke. Pa 6 Meyi 2024 nyumba ya nsanjika yomwe inkamangidwa mu mzinda wa George inagwa n'kupha anthu 34, ena mwa iwo Amalawi anzathu amene anapita kukasaka ganyu. Kafukufuku anapeza kuti ngakhale bungwe la NHBRC lenilenilo linalephera pa kalembetsedwe ndi kayenderedwe ka nyumbayo. Ndiye sindikukupemphani kuti mungotsegula ofesi ina, yokhala ndi bodi, magalimoto ndi misonkhano ya kunyanja. Ofesi itha kugona. Ndalama yosungidwa sigona, chifukwa mwini wake amaifuna, ndipo amabwera yekha ndi makwerero kudzakonza denga kuti aitenge.

Ku Britain, komwe abale athu ambiri akugwira ntchito m'zipatala ndi kugula nyumba, nyumba zatsopano zambiri zimakhala ndi chitsimikizo cha zaka 10. Chodziwika kwambiri ndi cha bungwe la NHBC: zaka ziwiri zoyambirira womanga amakonza yekha, zisanu ndi zitatu zotsalazo inshulansi imaphimba zolakwika zazikulu. Ngakhale zili choncho madandaulo anachuluka mpaka mu 2022 anatsegula ofesi yomva madandaulo a ogula nyumba zatsopano ya New Homes Ombudsman, ndipo malamulo atsopano a makampani omwe analowa m'dongosolo limeneli amalola wogula kubweretsa katswiri wake kudzayendera nyumba asanamalize kulipira. Kumeneko kuyendera nyumba zatsopano ndi ntchito yodyetsa anthu. Bambo wa kutchalitchi kwathu uja akanakhala ndi kampani. Kuno ndinamupatsa nkhuku.

Mfundo imeneyo yokha, yoti wogula akhale ndi ufulu wobweretsa mmisiri kapena injiniya wake asanasaine, siifuna ndalama ya boma ngakhale tambala. Mnzanga wina wa pa mzere wathu wa nyumba anayesa kutero, anamuuza kuti makiyi ali ndi bwana, ndipo pali anthu ena atatu akuifuna nyumbayo, akachedwa aiphonya. Anasaina ngati ine. Zolakwika zomwe zapezeka zizilembedwa pa pepala, onse awiri asaine, ndipo pepalalo likhale gawo la mgwirizano. A CFTC, lamulo latsopano la mu 2024 linakupatsani mphamvu yolipiritsa chindapusa makampani opondereza ogula. Yang'anani chiganizo chija chakuti wogula akulandira nyumba mmene ilili. Pa nyumba yakale ya zaka 40 chimamveka. Pa nyumba yomwe wogulitsayo wamanga yekha dzulodzuloli, ndipo ndi iye yekha akudziwa zomwe zili pansi pa pulasitala, chiganizo chimenecho ndi msampha.

Kwa inu a makhonsolo, lamulo la mapulani a malo la mu 2016 limafuna kuti womanga apeze chilolezo asanayambe, ndipo mizinda ili ndi malamulo ake oti nyumba iyenderedwe ndi kupatsidwa satifiketi anthu asanalowemo. Zolakwika zoopsa kwambiri zimakwiririka sabata zoyambirira: kuya kwa ngalande ya maziko, zitsulo zomwe zalowa mu konkire, mankhwala a chiswe, pulasitiki wa chinyontho, ring'i bimu yomanga makoma pamodzi pamwamba pa mawindo. Konkire akathiridwa, ngakhale bambo wa msomali uja sangaonenso. Ndiye nyumba iliyonse yomangidwa kuti igulitsidwe izikhala ndi fayilo yake: pulani yovomerezeka, dzina la kontirakitala ndi nambala yake ya ku NCIC, dzina la woika magetsi wovomerezeka ndi bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta la MERA, ndi zithunzi za gawo lililonse lisanakwiriridwe, zosainidwa ndi amene anayendera. Masiku ano mmisiri aliyense ali ndi foni ya kamera. Fayiloyo iziperekedwa kwa wogula pamodzi ndi makiyi, ndipo banki isamatulutse ndalama popanda kuiona. Mukanena kuti oyendera ndi ochepa ndipo alibe mafuta ndikumvetsani. Lolani mainjiniya ndi akatswiri a mapulani olembetsedwa azisaina m'malo mwanu, dzina lawo ndi laisensi yawo zikhale chikole.

Pali nkhani ya mabuloko yomwe sindingaidumphe. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi za malonda pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo linachita bwino. Koma taonani zomwe zamera m'mbali mwa misewu yathu: aliyense amene ali ndi chikombole ndi mulu wa mchenga akuumba mabuloko. Thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 amalikoka mpaka litulutse mabuloko ochuluka kuposa muyezo, ndipo mabulokowo amakwezedwa pa lole asanakhwime, chonsecho konkire amafuna kuthiriridwa madzi masiku oyambirira ndipo amafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28. Bambo uja anatola buloko lotsala kuseri kwa nyumba yathu, analikweza kufika pachifuwa n'kulisiya. Linamwazika ngati chigumu. A Malawi Bureau of Standards ali ndi miyezo, koma miyezo ya m'buku sifika yokha pa mulu wa mchenga wa ku Njewa kapena ku Chileka. Kampani yomanga nyumba zogulitsa izisonyeza komwe inagula mabuloko ndi zotsatira za kuyezedwa kwake. Dziko lathu lili m'chigwa cha zivomerezi. A ku Salima akukumbuka 1989, a ku Karonga akukumbuka Disembala 2009, ndipo tonse tinaona zomwe namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023. Makoma a mchenga okutidwa ndi penti wokongola adzayesedwa tsiku lina ndi chinthu choposa msomali.

A NCIC, inu mumalembetsa makontirakitala kuyambira pomwe lamulo la mu 1996 linakukhazikitsani. Koma amene amagulitsa nyumba kwa ife nthawi zambiri si kontirakitala. Ndi kampani yogula malo, kulemba amisiri, kugulitsa, n'kusowa pakati pa mayina. Ameneyo ndiye alembetsedwe, ndipo mlandu wa nyumba ukhale pa iye, osati pa kalipentala amene anapita ku Mzuzu. Mayina a eni kampani azilembedwanso, kuti munthu asamatseke kampani ya madandaulo Lachisanu n'kutsegula ina Lolemba ndi dzina latsopano la Chingerezi chokoma. Ndipo mndandandawo uzipezeka pa foni, munthu asanapereke dipoziti.

Ndikudziwa yankho lomwe mudzamve kwa ogulitsa: zonsezi zikweza mtengo wa nyumba, chonsecho nyumba ndi zosowa kale. Zikwezadi pang'ono. Koma ine mtengo wokwerawo ndaulipira kale, kungoti ndaulipira kawiri ndiponso mochedwa. Tasintha malata a mbali imodzi, tachotsa mawaya onse a m'denga n'kuikanso, takumba ngalande kuzungulira nyumba kuti madzi asamaime m'tsinde mwa khoma. Za mng'alu uja injiniya akuti pafunika kukumba pansi pa maziko n'kuthira konkire chigawochigawo, ndipo mtengo wake sitinaupeze. Mvula ikakuona litsiro siikata: chaka chomwecho fizi ya ana inakwera. Zonsezi zikanakonzedwa pomanga, mtengo wake sukanafika ndi theka lomwe. Mpukutu umodzi wa pulasitiki wakuda ndi ndalama zingati pa nyumba ya mamiliyoni?

Ndipo ganizirani za abale athu a ku Johannesburg, ku Leeds kapena ku Dublin amene amatumiza ndalama kuti agule nyumba kuno ataiona pa vidiyo ya pa foni. Boma limawapempha nthawi ndi nthawi kuti azibweretsa ndalama zakunja kumudzi. Pa mzere wathu nyumba ziwiri ndi za anthu otere. Imodzi eni ake sanaionebe ndi maso. Amene akuchita lendi mmenemo ndi amene amatchera mabeseni, ndipo mwini wake akadzabwera pa Khirisimasi adzapeza siling'i itagwa. Akabwerera adzauza anzake onse, ndipo ndalama zotsatira zidzakagula nyumba kwina.

Mpaka lamulo limeneli litabwera, ife pa mzere wathu tikuchita zomwe tingathe. Tikaona galimoto yaima pa chikwangwani cha gawo lachiwiri, mmodzi wa ife amapita kukapereka moni. Sitinyoza munthu, sititchula mlandu. Timangowauza kuti abwerenso ndi mmisiri wawo, tsache ndi ndowa, akwere m'denga n'kuthimitsa tochi, apemphe kuona pulani yodindidwa ndi khonsolo, zonse zolonjezedwa pakamwa zilembedwe, ndipo ngati angathe adikire Januwale. Ena amatithokoza. Ena amatiyang'ana ngati ansanje, n'kukasaina tsiku lomwelo. Sindiwaweruza, ndinali ine.

A Nduna, ndikukuitanani kunyumba kwathu. Musabwere mu Ogasiti, mudzangoyamikira matailosi. Bwerani mu Januwale, madzulo mitambo ikada cha kumadzulo, ndipo mubwere ndi a khonsolo, a NCIC ndi a CFTC. Tiyi adzakhalapo. Mpando wanu ndidzauika pakati pa tebulo ndi zenera, beseni ndidzalichotsa, ndipo kope la zolakwika 41 lija ndidzakupatsani kuti muwerenge tikudikira mvula.

Ine wanu,
Mayi wogula nyumba yatsopano,
Lilongwe